Chikuse, inkosi ya pa Domwe imene dziko lake linang'ambidwa pakati

Munthu akamayenda pamsewu wa M1 kuchokera pa boma la Dedza kulowera ku Ntcheu, pali mtunda wautali pomwe dziko la Malawi limakhala kudzanja lake lamanzere, la Mozambique kudzanja lamanja, ndipo chowalekanitsa n'phula lokha. Pamsika wa Lizulu, mayi wosenza dengu la mbatata ya kachewere kuchokera tsidya ilo amatsatsa malonda ake m'Chichewa chomwecho cha mnzake wa tsidya lino. Anthuwa amaitanana ndi mifunda yofanana, amakwatirana, ndipo maliro akagwa mbali imodzi, makasu amagona mbali zonse.

Mzere wogawa anthuwa unavomerezedwa ku Lisbon pa 11 June 1891, pamene maiko a Britain ndi Portugal anasainirana pangano la malire. M'chaka chomwecho, kufupi ndi phiri la Domwe, kumadzulo kwa Dedza, kunamwalira munthu amene midzi ya mbali zonse ziwiri za msewu wa lerowu inkamutulira mitulo. Dzina lake linali Chikuse, mwana wa Mputa, inkosi ya Angoni a kwa Maseko.

Ambiri amalidziwa dzinali kudzera mwa mwana wake, Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi asilikali a boma la Angerezi mu 1896. Komatu moyo wa bamboyo ndiwo umaonetsa bwino momwe mapu a chigawo chino cha Africa anapangidwira. Chikuse anabadwira m'dziko lomwe lero ndi Tanzania, anakulira paulendo wodutsa ku Niassa ndi kummwera kwa Malawi, nakamwalirira m'chigawo cha Tete ku Mozambique. M'moyo wake wonse sanadumphepo malire a dziko lililonse, pakuti malirewo kunalibe.

Angoni sanabwere kuno ngati gulu limodzi. Nkhondo za m'nthawi ya Shaka zitabalalitsa mitundu kummwera kwa Africa, Zwangendaba Jere anatsogolera anthu ake kulowera kumpoto ndipo anaoloka Zambezi kufupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku lomwe kunachitika kadamsana. Iye anadzera kumadzulo kwa nyanja ya Malawi mpaka kukafika ku Ufipa, kufupi ndi nyanja ya Tanganyika, kumene anamwalirira m'zaka za m'ma 1840. Amaseko anali gulu lina. Iwo anachoka m'dera lomwe lero ndi eSwatini motsogozedwa ndi Ngwana, ndipo anaoloka Zambezi cha kumunsi, patapita zaka zochepa. Pansi pa ulamuliro wa Mputa, anadutsa m'mapiri omwewa a Dedza ndi Ntcheu, anaoloka Shire, nakwera chakum'mawa kwa nyanja kufikira ataoloka mtsinje wa Ruvuma. Anakakhazikika m'dera lomwe tsopano likutchedwa Songea.

Choncho nyanja ya Malawi inali pakati pa magulu awiriwa, wina kuvuma wina kuzambwe, ndipo akanatha kukhala osakumananso. Koma Zwangendaba atamwalira, ufumu wake unagawanika. Ena analowera kumpoto kufupi ndi nyanja ya Victoria, Mpezeni anadzatsikira kudera la Chipata, M'mbelwa ku Mzimba, ndipo gulu la Zulu Gama ndi Mbonani linazungulira kumpoto kwa nyanja n'kutulukira ku Songea, m'dziko la Mputa. Poyamba alendowo anagonjera mwini malo. Mtendere wake sunakhalitse. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo kumayambiriro a zaka za m'ma 1860 Mputa anafa m'mikangano imeneyi, Amaseko n'kupirikitsidwa.

Chikuse anali mwana wamng'ono pamene izi zinkachitika. Pamwambo wa Chingoni ufumu umatsata bambo, ndipo wolowa ndi mwana wa m'nyumba yaikulu. Mwanayo akakhala wosakhwima, mbale wa malemu amagwirizira mpando. Udindo umenewu unagwera Chidyaonga, mbale wake wa Mputa, amene dzina lake lenilenilo likunena za munthu wozolowera utsi wa mfuti. Iyeyu ndiye anatsogolera khamu la anthu ndi ng'ombe kubwerera kummwera, kudutsa m'dziko la Ayao kum'mawa kwa nyanja. Ulendowo unatenga zaka. Ankamanga misasa, kulima, kulanda chakudya ndi anthu, n'kunyamukanso. David Livingstone atadzera m'chigwa cha Ruvuma mu 1866 anapeza midzi yambiri ili mabwinja, anthu akunjenjemera ndi dzina la Mazitu kapena Maviti, maina omwe anthu a kumeneko ankatchulira ankhondo a Chingoni.

Umenewu ndiwo unali ubwana wa Chikuse: bambo wophedwa ndi Angoni anzake, amayi ake a Namlangeni akumusunga pakati pa khamu losamukasamuka, ndi mbale wa bambo ake atagwira mpando womwe aliyense ankadziwa kuti mwini wake ndi mwanayo. Cha m'ma 1870 Amaseko anali ataolokanso Shire ndi kukwera mapiri mpaka pa Domwe. Domwe ameneyu si chilumba chija cha ku Cape Maclear, koma phiri lalitali mamita opitirira 2 000 m'boma la Angonia, loyang'anizana ndi phiri la Dedza lomwe ndi lalitali mamita 2 198.

Chifukwa chosankhira malowa n'chosavuta kuchiona ngakhale lero. Kumtunda kuno n'kozizira, msipu ndi wambiri, ndipo kashembe amene amapha ng'ombe m'zigwa zotentha safikako. Kwa anthu amene chuma chawo, malowolo awo ndi nsembe zawo zinali ng'ombe, amenewa anali malo ogona tulo. Kuonjezera apo, mapiriwa ali ngati msana wa dziko. Mvula ikagwa pamenepa, madzi amagawikana: ena amatsikira kum'mawa m'mitsinje ya Linthipe, Nadzipulu, Livulezi ndi Bwanje kupita kunyanja, kapena mu Rivirivi kupita mu Shire, pomwe ena amatsikira kumadzulo mu Lifidzi ndi Revubwe kukathira mu Zambezi pafupi ndi Tete. Wokhala pamsanapa ankatha kutumiza ankhondo mbali iliyonse, iwo n'kutsika, kulanda, ndi kubwerera kumtunda kumene adani awo sankalimba mtima kuwalondola. Msana umenewu unali pakati penipeni pa ufumuwo.

Chidyaonga anamwalira cha mu 1878. Iye anali ndi mwana wakewake, Chifisi, munthu wodziwika pankhondo amene ankhondo ambiri ankamukonda. Komabe mpando unabwerera kunyumba ya Mputa, ndipo Chikuse analowa ufumu. Mwamwambo zinthu zinayenda bwino. M'mitima ya anthu nkhani inali ina, chifukwa kuyambira tsiku limenelo pa Domwe panali amuna awiri amene aliyense anali mwana wa munthu yemwe analamulirapo.

Ufumu umene Chikuse analandira unali wa Chingoni m'dzina ndi m'kayendetsedwe, koma anthu ake ambiri sanali ochokera kummwera. Munali Antumba ndi Achewa, Amatengo ndi ena otengedwa ku Songea, Ayao ndi Amang'anja ogwidwa panjira. Mnyamata wogwidwa kunkhondo ankaleredwa m'mudzi wa nduna, kupatsidwa chishango ndi nthungo, ndipo akaonetsa chamuna ankatha kukwera mpaka kukhala mtsogoleri wa gulu la nkhondo. Akazi ogwidwa ankakwatiwa m'mabanja a Angoni, ndipo ana awo ankayamwa chilankhulo cha amayi awo. Mwa njira imeneyi, ogonjetsedwa anagonjetsa lilime la owagonjetsa. Pofika m'masiku a Chikuse, Chingoni chinali chikutsalira kwa akuluakulu, m'nyimbo za ngoma ndi m'mayamiko a mafumu, pomwe m'mabwalo ndi m'maphikiro munkamveka Chinyanja. N'chifukwa chake Mngoni wa ku Bembeke kapena ku Ulongwe lero amalankhula Chichewa, pomwe mbale wake wa ku Mzimba amalankhula Chitumbuka.

Kwa Achewa amene anakana kugonja, zaka zimenezi zinali za misozi. Anasiya minda yawo yam'zigwa n'kukwera mapiri, ena kumanga malinga, ena kubisala m'mapanga. Anthu a Mazengera anakhala pamwamba pa phiri la Nkhoma mpaka nthawi ya amishonale. M'mapanga a Chongoni ndi mapiri oyandikana nawo muli zithunzi zoyera zokhudza gule wamkulu zimene akatswiri amazigwirizanitsa ndi nyengo yobisalayi, ndipo ndi gawo la malo 127 a zojambula pamiyala omwe bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Wolemba mbiri ya Chikuse moona sangazilambalale zimenezi. Amene Angoni amamukumbukira ngati inkosi yamphamvu, midzi ina imamukumbukira ngati chifukwa chomwe agogo awo ankagonera m'miyala.

Chaka chomwe analowa ufumu, Chikuse analandira alendo a mtundu watsopano. Mu 1878 Dr Robert Laws wa mishoni ya Livingstonia, yomwe panthawiyo inali ku Cape Maclear, anakwera mapiri pofunafuna malo abwino osamutsirako mishoniyo. Anali ndi James Stewart, katswiri wa zomangamanga, komanso William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale amene ankatha kumvana ndi Angoni m'chilankhulo cha makolo awo. Inkosi inawalandira mochenjera. Laws anapitirira kumpoto, ndipo mu 1881 Livingstonia inasamukira ku Bandawe. Mishoni ya m'dziko la Chikuse inadzatsegulidwa mu 1887 pa Livulezi, kunsi kwa mapiri, kutali ndi likulu la inkosi. Chikuse ankafuna kuti azungu akhale pomwe angawaone ndi kupezapo nsalu ndi mankhwala, koma osati pakhomo pake.

Mphamvu zake zinafika pachimake mu 1884. Kwa zaka zingapo mafumu a Amakololo, anthu aja anatsala m'chigwa cha Shire atabwera ndi Livingstone, ankalondera madooko kuti Angoni asaoloke. M'chaka chimenecho ankhondo a Chikuse anaoloka, nasesa midzi ya Ayao ndi Amang'anja kuyambira kudera la Zomba mpaka kuzungulira Blantyre. Anthu anathawira m'mapiri a Ndirande ndi Soche, ena anakadzipanikiza pabwalo la mishoni. Mishoni ya Blantyre sinakhudzidwe. Mtsogoleri wake, David Clement Scott, anali atapita kwa Chikuse chaka chomwecho kukapalana ubwenzi, ndipo ankhondowo analemekeza ubwenziwo. Ogwidwa ambiri anatengedwa kupita kumapiri. Patapita zaka ziwiri, mu 1886, kazembe wa Britain, A. G. S. Hawes, naye anakwera kukaonana ndi inkosi kuti nkhondo zoolokera tsidya la Shire zileke. Apa zikuonekeratu kuti panthawiyo mwini mphamvu anali ndani: kazembe wa mfumukazi Victoria ndiye ankayenda ulendo wopita ku Domwe.

Mzungu wina amene anafika pamudzi wa Chikuse mu 1884 anali Walter Montagu Kerr, wa ku Scotland, amene anayenda kuchokera ku Cape Town, naoloka Zambezi kudera la Tete. Onyamula katundu wake anamuthawa, ndipo anakhala masiku angapo pamudzipo moyo wake uli m'manja mwa inkosi. M'buku lake lotchedwa The Far Interior, lomwe linatuluka mu 1886, anafotokoza Chikuse ngati munthu wonenepa, wokayikira aliyense ndiponso wosachedwa kulamula imfa. Mlendo wamantha ndi wosamva chilankhulo si mboni yokwanira, ndipo Kerr ankalembera anthu a kwawo amene ankakonda nkhani zoopsa za ku Africa. Koma anthu omangidwa m'magoli amene iye anawaona pamudzipo sanali nthano.

Pamenepa ndi pomwe ufumu wa Amaseko unali utayamba kusintha. Kale wogwidwa kunkhondo anali chuma chosunga, wodzakulitsa mudzi. Tsopano anasanduka katundu wogulitsa. Mafumu a Chiyao a m'mbali mwa nyanja, monga Mponda pomwe Shire amatulukira m'nyanja ndi Makanjira kutsidya, anali ndi njira zamalonda zofika ku Kilwa ndi ku Quelimane. Iwo ankapereka nsalu, mikanda, mfuti ndi onga posinthana ndi anthu ndi minyanga ya njovu. Mfuti zikachuluka m'midzi yokhala ndi malinga, chishango cha chikopa cha ng'ombe chimachepa mphamvu. Nduna zokhala kutali ndi Domwe zinayambanso kuchita malonda pazokha, ndipo nduna yopeza nsalu ndi onga payokha simaopanso inkosi monga kale.

Chikuse anayankha ndi mwabvi. Amishonale a pa Livulezi analemba za midzi yathunthu yomwe inkamwetsedwa mwabvi molamulidwa ndi likulu, anthu n'kufa ambirimbiri. Mwabvi sunali mwambo wobwera ndi Angoni kuchokera kummwera. Anaupeza kuno, ndipo m'manja mwa inkosi yokayikira anthu ake unasanduka chida choyesera kukhulupirika. Mwina mwana amene anaona bambo ake akuphedwa ndi anthu omwe anawalandira sakanatha kukhulupirira munthu. Koma mantha sagwirizanitsa mudzi, ndipo amene ankaopa chikho cha mwabvi anali ndi kothawira: kwa Chifisi.

Kumapeto a zaka za m'ma 1880 mkangano wa abale awiriwa unafika poyera. Chifisi anadzipatula ndi anthu ake, ndipo nkhondo ya pachiweniweni inayamba. Nthawi yomweyo kwa Mponda nakonso kunali kulimbirana ufumu, kotero mbali iliyonse ya Angoni inapeza bwenzi pakati pa Ayao olimbanawo. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene anakhala kwa Mponda kuyambira kumapeto a 1889 mpaka pakati pa 1891, analemba m'buku lawo la tsiku ndi tsiku za magulu a nkhondo opita kumapiri ndi mizere ya akapolo yobwera kuchokera kumeneko. Ambiri mwa ogulitsidwawo anali anthu a ufumu womwewo wa Amaseko, ogwidwa ndi anzawo.

Pamene abalewa ankathana okhaokha, tsogolo la dziko lawo linkakambidwa kutali. Msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 unali utatsegula mpikisano wolanda Africa. Apwitikizi, amene anakhala ku Tete ndi ku Sena kwa zaka mazana atatu, ankafuna dziko lonse lapakati pa Angola ndi Mozambique, ndipo anajambula mapu olipaka utoto wofiirira. Angerezi anali ndi amishonale a ku Scotland ku Blantyre ndi kunyanja, kampani ya African Lakes, ndi maloto a Cecil Rhodes. Mu November 1889 asilikali a Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo m'chigwa cha Shire, ndipo pa 11 January 1890 boma la Britain linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake msangamsanga. Portugal inagonja. Manyazi ake anakwiyitsa anthu ku Lisbon ndi ku Porto kotero kuti analimbikitsa gulu lomwe linadzagwetsa ufumu wa dzikolo mu 1910.

Kumpoto nako kunkadulidwa. Majeremani ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1886 kuti mtsinje wa Ruvuma, womwe Chikuse anaoloka ali mwana, ukhale malire awo. Pa 1 July 1890 Britain ndi Germany anasainirana pangano lomwe linaika malire pa mtsinje wa Songwe ndi m'gombe la kum'mawa kwa nyanja. Pangano limeneli ndi lomwe Malawi amagwiritsa mpaka lero pamkangano wake ndi Tanzania wokhudza umwini wa nyanja. Songea, kwawo kobadwira Chikuse, kunagwera m'manja mwa Majeremani.

Kenaka panabwera pangano la June 1891. Gawo lalikulu la gombe la kum'mawa kwa nyanja, kummwera kwa dziko la Majeremani, linapita kwa Apwitikizi, kupatula zilumba za Likoma ndi Chizumulu zomwe zinatsala kwa Angerezi chifukwa cha mishoni ya Anglican. Kumadzulo kwa Shire, akazembe anafuna chizindikiro chachilengedwe choti n'kuchilemba mosavuta, ndipo anasankha msana wogawa madzi opita ku Zambezi ndi opita kunyanja. Pamapu a ku Ulaya chinali chinthu chanzeru: madzi akatsikira kuno ndi dziko la Angerezi, akatsikira uko ndi la Apwitikizi. Koma msana umenewo ndi womwe uja Amaseko anausankha kukhala pakati pa ufumu wawo. Domwe anagwera mbali ya Apwitikizi. Livulezi, Bwanje, phiri la Dedza ndi njira zotsikira kunyanja zinagwera mbali ya Angerezi. Inkosi sinaitanidwe ku zokambiranazo.

Chifisi ndi Chikuse anamwalira chaka chimodzi, mu 1891, motsatizana miyezi yochepa. Chikuse anali atalamulira zaka pafupifupi 13, ndipo sanafike paukalamba. Anafa mbendera ya mzungu isanakwezedwe pamudzi pake, asanapereke msonkho kwa munthu aliyense. Mbiri ya pakamwa, imene Margaret Read anaisonkhanitsa pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, imati inkosi ya Amaseko sinkaikidwa m'manda ngati munthu wamba. Ankatseka madzi a mtsinje, kuunjika nkhuni pamchenga pouma, kutentha mtembo pamenepo, kenaka n'kutsegula madzi kuti akokolole phulusa. Mbiriyo imati Mputa anatsazikidwa motero kumpoto, ndipo mwana wake Chikuse chimodzimodzi.

Ana analowa m'malo mwa makolo, nalowanso m'mkangano wawo. Gomani, mwana wa Chikuse, ndi Kachindamoto, wa nyumba ya Chifisi, anamenyana mpaka 1894, pamene akuluakulu a boma la Angerezi analowererapo. Kachindamoto anatsika mapiri n'kukakhazikika ku Mtakataka, m'mbali mwa nyanja, kumene ufumu wake uli mpaka lero, ndipo m'dziko lakelo ndi momwe ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Mua mu 1902. Gomani anatsala ndi dziko lomwe eni ake atsopano ankaliona ngati maiko awiri. Anyamata ake anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya khofi ya azungu ku Blantyre, boma la Harry Johnston linkafuna msonkho wa nyumba, ndipo midzi yozungulira mishoni inayamba kusamvera likulu. Mu October 1896 ankhondo ake anaotcha midzi ya pafupi ndi mishoni ya Zambezi Industrial ku Dombole. Boma la ku Zomba linatumiza asilikali, Gomani anagwidwa, ndipo anaomberedwa pa 27 October 1896. Panali patangopita zaka khumi chichokereni ulendo uja wa kazembe Hawes wokapempha mtendere kwa bambo ake.

Maufumu ena a Angoni anatsatira, uliwonse m'manja mwa mtsamunda wakewake. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni, mwana wake Nsingo n'kuomberedwa, ndipo dzikolo linadzakhala mbali ya Northern Rhodesia, Zambia wa lero. Angoni a M'mbelwa anavomera ulamuliro wa Angerezi mu 1904 popanda nkhondo, atakambirana ndi Alfred Sharpe. Ku Songea, zidzukulu za anthu aja anapirikitsa Amaseko zinalowa nawo m'nkhondo ya Maji Maji yolimbana ndi Majeremani, ndipo pa 27 February 1906 mafumu ndi nduna zawo zambiri ananyongedwa m'tauniyo. Mbali ya Domwe, Apwitikizi anakhazikitsa ulamuliro wawo pofika kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, nalitcha dera lonselo Angónia, kutanthauza dziko la Angoni. Ufumu wa Amaseko kumeneko unapitirira m'nyumba ya Zintambira, pomwe mbali ya Nyasaland unapitirira m'nyumba ya Gomani. Ana a tsidya lino anaphunzira Chingerezi, a tsidya ilo Chipwitikizi, ndipo kunyumba onse ankabwerera ku Chichewa.

Malirewo sanaleke kulowerera m'moyo wa banja la Chikuse. Mdzukulu wake, Philip Gomani, anatsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953, nalimbikitsa anthu ake kusamvera malamulo ena a boma. Apolisi atabwera ku Lizulu kudzamutenga, iye, ali wodwala, anathawitsidwa kulowa mbali ya Apwitikizi pamodzi ndi mbusa Michael Scott. Dziko limene analowamo linali la agogo ake, koma akuluakulu a Chipwitikizi anamubweza m'manja mwa Angerezi ngati mlendo wolowa popanda chilolezo. Anachotsedwa paufumu ndipo anamwalira mu 1954 kuchipatala cha Malamulo ku Thyolo.

Patapita zaka makumi atatu, ulendo unatembenuka. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itafika ku Angonia, makamaka kuyambira mu 1986, anthu miyandamiyanda anaoloka msewu kulowa m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Pachimake pa nkhondoyo Malawi anasunga anthu othawa kwawo oposa miliyoni imodzi. M'mabuku a mabungwe othandiza analembedwa ngati nzika za dziko lina, koma m'madera ambiri a kumapiri kuno sanafunikire womasulira, ndipo ochuluka anafikira m'midzi ya abale awo, kupatsidwa pomanga ndi polima. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ambiri anabwerera kuminda yawo wapansi, ulendo wa maola ochepa.

Masiku ano Angoni a kwa Maseko amasonkhana chaka ndi chaka pamwambo wa Umhlangano pa Nkolimbo m'boma la Ntcheu, pomwe pali chipilala cha pamanda a Gomani woyamba, ndipo nthumwi za ku Mozambique ndi maiko ena oyandikana nafe zimafika. Ovina ngoma amatchula maina a Ngwana, Mputa, Chidyaonga ndi Chikuse motsatana. Gomani ali ndi manda oti anthu n'kuimapo ndi kuikapo nkhata. Abambo ake, malinga ndi mwambo uja, anaperekedwa kumadzi, ndipo mitsinje ya kuzungulira Domwe imatsikira mbali ya Zambezi.